Ndinamumangirira Chule M'chiuno

Pa zonse zimene ndachita ndi manja angawa, chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero ndi chimene ndinachitira mwana wa mlongo wanga mu November 2023. Mnyamatayo anali ndi zaka 12 ndipo ankakodza pogona. Ine amalume ake, amene ndinayenera kukhala pothawira pake, ndinamumangirira chule wamoyo m'chiuno anthu akuona. Ndasankha kuulula chifukwa ndikudziwa kuti m'nyumba zambiri ku Sunningdale, ku Mbare, ku Mufakose, ngakhalenso kumudzi ku Malawi, muli ana a msinkhu womwewu amene amadzidzimuka m'bandakucha n'kuyamba kufufuza ndi dzanja ngati pogona pali pouma. Pambali pawo pali akuluakulu ofuna kuthandiza koma osadziwa njira, monga ndinalili ine.

Ndinabadwira ku Zimbabwe konkuno. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anayamba akhala m'mahositela a amuna okhaokha ku Mbare, kenako anapeza ntchito pamgodi wa golide ku Shamva, ndipo atakhazikika anakatenga agogo aakazi kumudzi. Ife tinakulira m'komboni ya pamgodi, momwe Chichewa chinkalankhulidwa pachitsime ndi pabwalo, Gule Wamkulu n'kumatuluka pamaliro a akuluakulu. Zambiri zinasintha, koma mwambo umodzi sunasunthe: ana a mlongo wako ndi mbumba yako, ndipo akadwala kapena akalakwa, wofunsidwa ndiwe.

Ntchito ndimagwira ku Graniteside, pafakitale yopanga masofa ndi matiresi. Tsiku lonse ndimadula siponji, kukoka nsalu ndi kukhoma ndi sitepula. Graniteside ndi dera la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu m'mbali mwa msewu wa Seke. Masana kumakhala phokoso la malole ndi makina, koma kukada kumatsala alonda ndi agalu, ife antchito titabalalikira ku Mbare, ku Sunningdale, ena mpaka ku Chitungwiza. Ine ndi mkazi wanga timachita lendi zipinda ziwiri ku Sunningdale, panyumba pomwe pali mabanja enanso. Tonse chimbudzi n'chimodzi, chapanja, ndipo chingwe choyanikira zovala n'chimodzinso. Pamalo otere chinsinsi sichigona.

Mayi athu anamwalira chakumapeto kwa 2022. Ndi iwo amene ankalera mphwangayu, chifukwa mlongo wanga amagwira ntchito yam'nyumba ku Johannesburg ndipo kwawo amabwera pa Khirisimasi pokha. Maliro atatha, akuluakulu sanachite kufunsa kuti mwana apita kwa yani, onse anangoyang'ana ine. Mu January 2023 ndinachoka naye ku Shamva n'kubwera naye ku Harare, ndinamupezera malo mu Giredi 6, ndipo ndinamudulira ndekha matiresi pa siponji yotsala kuntchito. Ankagona m'chipinda chochezera, chomwenso timaphikira, pakati pa sofa ndi kabati. Anali mwana wofatsa, wodziwa masamu, wosanyinyirika potumidwa.

Woyamba kuzindikira anali mkazi wanga. Kafungo kena sikankachoka m'nyumba ngakhale akolope motani. Tsiku lina akusesa anasuntha sofa, n'kupeza bulangete lonyowa litapindidwa n'kukankhidwira kukhoma. Atatembenuza matiresi anaona mabanga akale ndi atsopano, kusonyeza kuti mwanayo ankawatembenuza m'mawa uliwonse tisanadzuke. Madzulo ndinamuitana.

"Kodi ichi n'chiyani?"

"Ndinataya madzi, amalume."

Bodza limenelo linandipweteka kuposa mkodzowo, ndipo ndinavula lamba. Sindinamufunse kuti zinayamba liti. Sindinamufunse ngati penapake pamamupweteka. Ndinangoona mnyamata wamkulu, wotsala pang'ono kusintha mawu, amene ndinkayesa kuti akuchita ulesi kudzuka.

Mkwiyo wanga unali ndi podyera. Madzi m'mipope mwathu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo masiku ambiri mkazi wanga amakafola kumjigo ndi zigubu za malita 20. Kuchapa bulangete limodzi lolemera n'kulitsukuluza kumamaliza chigubu chathunthu, osanena za sopo. M'nyengo yozizira ya June ndi July bulangetelo linkafika madzulo lisanaumitsitse. Ndikabwera kuntchito nditatopa, n'kupeza mkazi wanga msana ukumupweteka chifukwa cha mwana wa kwathu, manyazi ankandigwira, manyaziwo n'kusanduka ukali. Ndinkadzitonthoza ndi mwambi woti kuwongola mtengo m'poyamba.

Nkhaniyi ndinaitengera kwa anzanga pa nthawi ya nkhomaliro, pamene timagula sadza kwa amayi ophika m'mbali mwa msewu wa Kelvin. Aliyense anali ndi mankhwala ake. Wina anati mwanayo amaseweretsa moto madzulo. Wina anati ndi ulesi basi, ndimuletse madzi akangoweruka kusukulu. Wina anati agogo ake amene anamwalira akumufuna, ndipite naye kwa mneneri. Wina, wachikulire ndithu, anati kwawo ankamangirira chule m'chiuno ndipo mwana ankasiya usiku womwewo chifukwa cha mantha. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchula chipatala, ndipo nanenso maganizo amenewo sanandifike, chifukwa kukodza pogona sindinkakuwerengera m'gulu la matenda.

Ndinayamba ndi madzi. Ndinalamula kuti ikangokwana 3 koloko masana asamwenso kanthu. Nsima ya madzulo ankadya youma, ife tikumwa tiyi iye akuyang'ana. Kuntchito ndinatenga chipepala cha pulasitiki chokhuthala, chija timakutira masofa popita nawo kusitolo, n'kuchiyala pamatiresi popanda nsalu pamwamba. M'kutentha kwa October mwanayo ankadzuka thukuta lili kamukamu, zilonda zazing'ono zitatuluka m'ntchafu. Akangotembenuka, chipepalacho chinkalira ngati munthu akuponda masamba ouma, ndipo khoma lathu n'lopyapyala moti a chipinda chinacho ankamva. Kukodzako sikunasiye. Mkodzo unangochepa, n'kukhala wachikasu kwambiri ndi wonunkha kuposa kale.

Kenako ndinayamba kumudzutsa pakati pa usiku. Ndinkamugwedeza, kumukokera panja mumdima, poti magetsi ankazima kawirikawiri, n'kumuimika pakhomo pa chimbudzi. Ankayenda maso ali chitsinzinire, ndipo m'mawa sankakumbukira n'komwe kuti anatuluka. Masiku ena ndinkamupeza atakodza kale, masiku ena ankakodzanso kukucha. Tulo tanga tinasokonekera, kuntchito ndinadzibaya chala ndi sitepula, ndipo zonsezo ndinamuwerengera iye. Apa m'pamene ndinalamula kuti bulangete azichapa yekha n'kukaliyanika pachingwe cha anthu onse asanapite kusukulu, ati kuti manyazi amuphunzitse. Ana a panyumbapo anamupatsa dzina lonyoza, ndipo sabata isanathe dzinalo linali litafika m'kalasi mwake. Anasiya kusewera mpira. Masamu aja anayamba kutsika. Akaweruka ankakhala kuseri kwa nyumba yekha mpaka mdima.

Ndalama zinapitanso. Ku Mbare Musika ndinagula mizu yonyika m'madzi kwa munthu amene anandilonjeza kuti ikagwira ntchito mosachedwa. Mwanayo anamwa, anatsegula m'mimba, kenako anabwerera pomwe anali. Lachisanu lina ndinapita naye kwa mneneri wina wa gulu lopemphera patchire. Anamugwadika padzuwa, anamuwaza madzi, natipatsa timiyala toti tiike m'botolo la madzi osamba. Mneneriyo ananena pamaso pa mwanayo kuti pali mzimu wa munthu wakufa umene ukumutsata. Kuyambira tsiku limenelo mphwanga anayamba kuopa ngakhale kutchula agogo ake, munthu yekhayo amene anamulera ndi chikondi chonse.

Mu November mzinda wa Harare unali pa mavuto a kolera. Matendawa anayambira ku Chegutu mu February chaka chomwecho, ndipo pofika mwezi umenewo anali atavuta kwambiri ku Kuwadzana ndi madera ena, moti akuluakulu a mzinda analengeza kuti zinthu zafika pangozi. Kwathu madzi akumwa tinkawiritsa. Usiku wina mkazi wanga anatuluka n'kupeza mwanayo atagwada pakhomo pa chimbudzi, akumwa ndi manja madzi a m'ndowa yothirira m'chimbudzimo. Ludzu linali litamufika pakhosi, ndipo chigubu cha madzi owiritsa ndinali nditachilowetsa kuchipinda kwathu kuti asabe. Mkazi wanga anandidzutsa akunjenjemera.

"Abambo, mwanayu mumupha. Akadwala kolera mukamuuza chiyani mlongo wanu?"

Mawu amenewo anayenera kundibweza. M'malo mwake ndinaganiza kuti nkhaniyi yatenga nthawi yaitali, ndiithetse kamodzi n'kamodzi. Ndinakumbukira za chule uja.

Mvula inali itayamba, achule akulira m'ngalande zonse zotsikira kumtsinje wa Mukuvisi. Poweruka ndinagwira mmodzi wamkulu n'kumuika m'chitini changa cha nkhomaliro. Ndinatenganso kansalu kolimba kamene timakokera pansi pa mipando. Titadya, ndinaitana mwanayo panja. Mayi eni nyumba anatuluka, alendi anzathu anatuluka, ana anaunjikana. Ndinamuvula malaya, ndinamanga chuleyo mwendo, n'kuzunguliza kansaluko m'chiuno mwa mwanayo. Chule anali wozizira, woterera, akuphiriphitha pamimba pake. Ana anayamba kuseka ndi kuwomba m'manja. Ndinkayembekeza kuti akuwa kapena athawa, koma anangoima chilili, manja ali m'mbali, milomo ikunjenjemera. Anandiyang'ana m'maso n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amalume, pepani. Sindichitira dala. Ndimangodzuka zitachitika kale."

Ndinamuuza kuti akagone naye choncho. Mkazi wanga analowa kuchipinda osandilankhula.

Nditadzuka pakati pa usiku kuti ndikamutulutse, ndinapeza chitseko chili chotsekula pang'ono. Pamatiresi panali kansalu kaja katadulidwa ndi mpeni wa buledi. Chikwama chake cha sukulu panalibe, nsapato panalibe. Ndinathamanga opanda jekete, mvula ikuwaza, tochi ya pafoni ili m'manja. Ndinazungulira misewu ya Sunningdale ndikuitana dzina lake, ndinasuzumira m'ngalande zodzaza madzi, ndinafika mpaka pamsewu wa Seke pomwe malole ausiku amathamanga osaona munthu. M'mutu mwanga munkangobwera Mukuvisi wodzaza ndi nkhope ya mlongo wanga. Sindinapemphereko ndi mtima wonse chotero chibadwire.

Kunja kusanayere foni inalira. Anali mlonda wa pafakitale yathu, mkulu wina wochokera ku Mangochi amene wakhala ku Harare zaka zambiri. "Mwana wako ali kuno. Bwera, koma ubwere wopanda ukali."

Ndinawapeza m'kanyumba ka pageti. Mwanayo anali atafunda chikhoti cha mkuluyo pafupi ndi mbaula, kapu ya madzi otentha a shuga ili m'manja. Ankafuna kudutsa Graniteside wapansi kuti akafike ku Mbare Musika, kumene amakwerera mabasi a ku Shamva, ngakhale analibe ndi khobidi lomwe. Agalu atamuthamangitsa mumdima, anathawira pageti lokhalo limene ankalidziwa chifukwa ankandibweretsera chakudya Loweruka. Atandiona anadzikundikira kukona.

Mkuluyo anandilozera chitini chokhalira. "Khala pansi, mwana wanga. Wandifotokozera zonse. Kodi iwe unamufunsapo mwanayu mmene amamvera akamakodza?"

Ndinalibe yankho. Anatembenukira kwa mwanayo. "Mdzukulu wanga, auze amalume ako zimene wandiuza ine."

Mwanayo analankhula akuyang'ana pansi. Anati pokodza pamawotcha. Anati kumapeto kwa mkodzo kumatuluka timadontho ta magazi, ndipo zinayamba ali ku Shamva, koma ankaopa kunena. Anati ngakhale masana mkodzo umamupana mwadzidzidzi, moti kangapo anadontheza m'kabudula m'kalasi n'kumanga juzi m'chiuno kuti abise. Anatinso kwa agogo ake anali atasiya kukodza pogona kalekale, zinayambiranso maliro atachitika.

"Limenelo ndi likodzo," anatero mkuluyo. "Ife a kunyanja timalidziwa. Tili anyamata ambiri tinkakodza magazi, tinkayesa ndi mmene mwamuna amakulira. Pita naye kuchipatala lero lomwe. Safunsa anadya phula."

M'mawa womwewo tinali pamzere pakiliniki. Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire. Anayamba wacheza ndi mwanayo payekha, kenako anandiitana. Anaviika kapepala m'mkodzo wake ndipo kanasonyeza magazi. Mkodzo wina anautumiza kokaunika ndi makina, komwe anapezamo mazira a likodzo. Anamubaya chala kuyeza shuga, n'kupeza kuti ali bwino. Atamugwira pamimba anamufunsa kuti kuchimbudzi amapita kangati, ndipo zinadziwika kuti mwanayo ankatha masiku osachita chimbudzi, akachita chinkakhala chouma ndi chopweteka. Namwinoyo anandiyang'ana n'kufunsa kuti madzi amamwa ochuluka bwanji. Ndinaulula zonse, kuyambira lamba mpaka chule.

Sanandikalipire, koma zimene anandiphunzitsa zinandilasa. Anati Shamva ndi limodzi mwa maboma amene likodzo ndi lofala kwambiri m'dziko muno. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, n'kuboola khungu la mwana amene akusambira kapena kuwedza. Tikakula timakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kwa zaka, ndipo mazira ake ndi amene amalasa chikhodzodzo, n'kumatulutsa magazi ndi kuchititsa kuti mkodzo uzipana pafupipafupi. Anati kudzimbidwa nako kumawonjezera vuto, chifukwa thumbo la chimbudzi lili kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo, ndipo likadzaza limachipanikiza. Pomuletsa madzi ndinaumitsa m'mimba mwake, ndinachititsanso kuti mkodzo ukhale wowawa pachilonda chimene chinalipo kale. Pamwamba pa zonsezo panali chisoni cha maliro, kusamuka, ndi mantha amene ndinkamuthira tsiku ndi tsiku.

Anandichenjezanso kuti ndisaganize kuti mwana aliyense wokodza pogona ali ndi likodzo. Ambiri alibe matenda alionse. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona. Pofika zaka 10 amatsala pafupifupi 5, ndipo pa zaka 15 amatsala mmodzi kapena awiri. Anyamata ndi amene amachuluka. Chaka chilichonse, pafupifupi 15 mwa ana 100 otere amasiya okha popanda mankhwala. Kwa ena impso zimapanga mkodzo wambiri usiku chifukwa homoni yotchedwa vasopressin, imene imauchepetsa munthu akagona, imakhala yosakwanira. Kwa ena chikhodzodzo chimasunga pang'ono kapena chimafinya msanga. Ndipo pafupifupi onse ubongo suwadzutsa chikhodzodzo chikadzaza. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mwana angachilamule ali m'tulo, choncho lamba, manyazi kapena chule sizingafike kumene vuto lili. Chimene madokotala amayang'anitsitsa ndi mwana amene anasiya kwa miyezi 6 kapena kuposa n'kuyambiranso, monga mphwangayu, chifukwa pamenepo kawirikawiri pamakhala chimene chayambitsa: matenda a m'njira ya mkodzo, shuga, likodzo, kudzimbidwa, nkhawa, nthawi zinanso nkhanza zimene mwana akuchitiridwa mobisa.

Anamuyeza pasikelo n'kumupatsa mapiritsi a praziquantel molingana ndi kulemera kwake, oti amwe kamodzi atadya. Anatipatsanso mankhwala ofewetsa m'mimba. Tisanatuluke anafunsa ngati pamtundu pathu panali wina amene anachedwa kusiya, chifukwa vutoli limayenda m'magazi: kholo limodzi likakhala kuti linali nalo, ana oposa 4 mwa 10 amakhala nalonso, ndipo akakhala makolo onse awiri, ndi ana pafupifupi atatu mwa anayi. Ndinayankha motsimikiza kuti kwathu kulibe.

Madzulo ndinaimbira mlongo wanga pa WhatsApp n'kumuuza zonse osabisa kanthu. Analira nthawi yaitali. Atatonthola anati, "Achimwene, ine ndinasiya ndili ndi zaka 11. Tinkagona nyumba imodzi, koma inu simunadziwe. Amayi ankandidzutsa tambala woyamba, n'kutsuka mphasa, n'kuiyanika kuseri kwa khitchini inu musanadzuke. Sanandimenyepo, sanauzepo munthu." Ndinakhala chete foni ili kukhutu. Mayi athu sanapite kusukulu, za vasopressin sanazimvepo, koma anadziwa chinthu chimene ine ndinachiphonya, chakuti mwana wotere choyamba kumutetezera ndi ulemu wake.

Usiku umenewo ndinakhala pansi pamatiresi ake n'kumupepesa. Kwathu si zachizolowezi kuti malume apepese mphwake, ndipo mawu ankandikakamira pakhosi, koma ndinawatulutsa. Ndinamuuza kuti iye sanalakwe kanthu, wolakwa ndine. Sanayankhe, anangogwedeza mutu. M'mawa ndinapita kwa mayi eni nyumba ndi kwa alendi anzathu, khomo ndi khomo, kuwauza kuti mwanayo ankadwala, kuti zimene anaona zija zinali kupusa kwanga, ndi kuwapempha kuti aletse ana awo dzina lija. Ndinakaonananso ndi aphunzitsi ake, amene anavomera kuti azimulola kutuluka nthawi iliyonse popanda kufunsidwa mafunso pamaso pa anzake.

M'nyumba tinatembenuza zonse. Madzi anayamba kumwa okwanira, makapu 6 mpaka 8 patsiku, ambiri m'mawa ndi masana, atanyamula botolo la madzi owiritsa kusukulu. Tinkangochepetsa kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti agone. Tiyi ndi zakumwa za kola madzulo tinasiya tonse, poti zimachulukitsa mkodzo, ndiponso kuti asaoneke wosalidwa. Ndiwo zamasamba ndi zipatso sizinkasowa. Anazolowera kukodza nthawi ndi nthawi masana osadikira kupanidwa, ndiponso asanagone. Ndinasoka chikuto cha matiresi ndi nsalu yosalowa madzi, yofewa, yosalira, pamwamba n'kuyala nsalu yopepuka yosavuta kuchapa, kuti bulangete lisamanyowe. Pafupi ndi pogona tinaika ndowa yovundikira ndi tochi, kuti asamaope mdima wa panja, komanso kabudula wina wosinthira. Zikachitika, ine ndi iye tinkachapa limodzi m'mamawa n'kuyanika m'nyumba. Ankalemba yekha m'kabuku masiku ouma ndi onyowa kuti tikaonetse namwino, ndipo ndinkamuyamikira pa zimene angathe kuzilamula, monga kumwa madzi ndi kunena zoona, osati pa kuuma kwa pogona.

Sizinathe tsiku limodzi. Magazi anasiya, kuwotcha kunasiya, ngozi za masana zinatha msanga, koma za usiku zinkachepa pang'onopang'ono. Mayi ake atabwera pa Khirisimasi n'kubwereranso, zinayambiranso kwa kanthawi. Namwino anali atatiuza kuti zikapitirira pali njira zina: kabelu kamene kamalira mwana akangoyamba kunyowa, kamene kamathandiza ana pafupifupi awiri mwa atatu akakagwiritsa ntchito miyezi iwiri kapena itatu, ndi mankhwala a desmopressin olembedwa ndi dokotala. Ife sitinafike kumeneko. Pamene ankalemba mayeso a Giredi 7 mu 2024 anali atauma kwa nthawi yaitali, ndipo lero ali kusekondale. Tikapita ku Shamva salowanso m'madzi a m'madamu, chifukwa likodzo limagwiranso munthu amene anachira.

Chimene sichinachire msanga ndi mtima wake pa ine. Kwa miyezi yambiri ndikalowa m'nyumba ankaimirira n'kutuluka. Kusukulu dzina lija linamutsata mpaka anamaliza pulayimale. Lero timacheza, amandithandiza kudula siponji pa tchuthi, koma akakhala ndi vuto amayamba wauza mkazi wanga, ine ndimamva pambuyo. Ndimavomereza, chifukwa ndinazigula ndekha.

Inu makolo, agogo, azakhali ndi amalume anzanga, mwana wopitirira zaka 5 akamakodza pogona, makamaka amene anasiya n'kuyambiranso, musayambire kwa anzanu a kuntchito kapena kumsika wa mizu. Khalani naye pansi panokha, mumufunse kuti zinayamba liti, ngati pamapweteka, ngati amaona magazi, ngati kuchimbudzi akupita bwino, ngati pali chimene chikumuopsa kunyumba kapena kusukulu. Akamamva ludzu losatha, kukodza kwambiri ndi kuwonda, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa akhoza kukhala matenda a shuga. Akaulula kuti wina akumuchita zoipa, imbani nambala ya 116, ndi yaulere, kuno ku Zimbabwe ngakhalenso ku Malawi. Musamumane madzi, musamumenye, musayanike manyazi ake pachingwe cha anthu onse. Mwanayo sachitira dala. Pitani naye kuchipatala, ndipo muyambe ndinu kumusungira chinsinsi.